Mbale Imene Ndinabisa ku Biwi

Lolemba, 13 Januwale

Mvula kuyambira m'mawa. Ya kuno ku Biwi si ngati ya kwathu ku Ntchisi. Ya kuno ikagwa imabweretsa majumbo ndi fungo la ngalande mpaka pakhomo.

Achimwene a Zebedee ali chimodzimodzi. Mbali yonse ya kumanja siikugwira, pakamwa popotoka. Sitiroko inawasiyira mawu awiri okha, "eya" ndi "iwe". Munthu amene ankayendetsa thiraki mpaka ku Beira, lero ndimachita kumubereka popita kubafa. Ndi zimene anandiitanira kuno, poti alamu a Jenifer msana unawakana, komanso amayenera kupita kumsika kukagulitsa masamba, apo ayi pano sitidya.

Lero anaipitsira pogona. Nditalowa m'chipinda ndinagwira mphuno ndisanaganize n'komwe. Anandiona.

Masana alamu atabwera ndinapita ndi wilitcheya kwa wowotcherera, tayala lina likugwedera. Dzina lake Dumisani, wa ku Mzimba, wanthabwala kwabasi. Kuseri kwa shedi yake kuli chinthu chachilendo: mtengo wachitsulo, pamwamba limu ya njinga, matcheni akulendewera, m'munsi mwake dengu la waya. Ndinafunsa ngati ndi msampha wa nkhuku. Anaseka, amvekere, "Bigi, ameneyu ndi gofu wa ife amphawi." Akuti umaima patali n'kuponya mbale ya pulasitiki, iwo amati disiki. Pamene yagwera ukaponyeranso pomwepo, mpaka ilowe m'dengu. Woponya kochepa ndiye wapambana. Alipo kagulu, madenguwo amawanyamula pa njinga kupita nawo m'magiraundi osiyanasiyana.

Anandipatsa kuti ndiyese. Yoyamba inakwera padenga la eni ake. Kenako ina inakamenya matcheni, tchwee! Sindikudziwa chimene chinachitika m'chifuwamu.

Lachitatu, 15 Januwale

Tchuthi. Alamu anabwerako msanga kumsika chifukwa cha mvumbi. Ndinati ndikukaona ngati wilitcheya yatha.

Inali itatha kale. Ndinaisiya pomwepo n'kutsatira a Dumisani kugiraundi. Madengu anawaika mosiyanasiyana, lina kuseri kwa chulu, lina pansi pa mtengo wa mango, lina kutsidya kwa chithaphwi. Tinali anthu ochepa, onse akuluakulu, wina mpaka wa imvi. Mbale ikanyowa imaterera m'manja, aliyense ali ndi kansanza kopukutira m'thumba. Ine ndinalibe, ndinkapukutira malaya. Ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope, phwa! Onse kuseka. Inenso ndinaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Kuyambira pamene ndinatsika basi mu Lilongwe muno ndinali ndisanamve mawu angawa akutero.

Pofika kunyumba ndinapeza alamu akufinya mabulangete, zingwe zili pingepinge m'nyumba monse poti kunja sikungayanikike kanthu. Manja awo atuwa ndi sopo. "Nanga wilitcheya?" Ndinati sanamalize, magetsi anazima. Anayang'ana thalauza langa. Anandiikira madzi otentha osamba, pa makala omwe akusowawo.

Lachisanu, 17 Januwale

Mkazi wanga waimba foni. Akuti kutchalitchi kwathu ananditchula m'pemphero, eti a Pearson ndi chitsanzo cha chikondi cha pa abale. Ndangoti ameni.

Loweruka, 18 Januwale

Lero kunali ku Kawale. Ndinanena kuti ndikupita ku mapemphero a abambo. Ndinatenga ngakhale Baibulo, n'kulikulunga m'jumbo kuti lisanyowe. Linakhala pansi pa mtengo masana onse.

Ku Kawale n'kovuta, malo ndi opapatiza, uku mpanda wa sukulu uku chimanga cha anthu. Mbale ikalowa m'chimanga umalowa chokwawa, mwini munda akukuyang'ana pakhonde. Mayi wina anatikalipira, "Azibambo athunthu kuthamangitsa mbale, kulibe maganyu?" Dumisani anavula chipewa n'kupepesa mwa Chitumbuka, mayiyo mpaka anaseka.

Dumisani wandiphunzitsa kuti mphamvu siili paphewa, ili pa kadzanja apa. Ukaponyera kumene kukuchokera mphepo, mbale uziigonetsa. Pobwerera anandibwereketsa yake ina yofiirira, yokandikakandika m'mphepete. "Muziyeserera, bigi, dzanja muli nalo." Ndi liti pamene munthu anandiuza kuti ndili ndi china chake?

Ndaibisa pansi pa matiresi anga pabalaza.

Lachiwiri, 21 Januwale

Izi ndilemba ngakhale sindikufuna.

M'mawa alamu atachoka, achimwene nditawamwetsa phala, ndinatulutsa mbale ija. Ndinkangoyeserera kadzanja pabalaza, osaponya. Sindinadziwe kuti katani ya kuchipinda inali yotsegula. Potembenuka, maso awo ali pa ine, kenako pa mbale, kenako pa nsapato zanga za matope zili pakhomo. Mutu wawo ukugwira bwinobwino, a dokotala ananena. "Iwe," anatero. Basi.

Ndipo chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti: bola sangathe kunena.

Achimwene anga enieni, amene ankandibereka powoloka mtsinje wa Kaombe popita kusukulu. Ndinakondwera kuti ndi osalankhula. Ndawameta ndevu, ndawadzoza mafuta, ndawasisita mwendo nthawi yaitali kuposa masiku onse, koma ganizo lija silikuchoka.

Lachinayi, 23 Januwale

Sindikudziwa poyambira.

Dumisani anatumiza uthenga dzulo kuti lero ali ku Chinsapo, anyamata a kumeneko atiputa. Ndinati sindibwera. M'mawa kunacha bwino, dzuwa lili phwee, alamu anati achedwa chifukwa akukapikula tomato. Achimwene atadya ndi kumwa mankhwala anagona tulo. Akagona choncho amafika masana. Ndinawaikira kapu ya madzi pampando, kumanzere. Ndinaima pakhomo kanthawi. Kenako ndinatseka chitseko ndi loko, kuopa akuba, kiyi m'thumba, n'kukwera kabaza. Mumtima ndimati ndikangoponya pang'ono n'kubwerera.

Ku Chinsapo n'kokongola, ndisaname. Dambo lotakasuka kutsidya kwa kamtsinje, mumawoloka pa kamlatho ka matabwa, madengu ali pakati pa mitengo ya bulugamu. Dzanja linandimvera lero kuposa kale lonse. Mitambo itayamba kuda cha ku Likuni ndinaiona. Ndinaiona ndithu. Koma ndinali patsogolo pa onse, kutatsala madengu owerengeka. Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu, ife osasiya. Pa dengu lomaliza mbale inadutsa pakati pa mitengo iwiri mvula ili pakati n'kulowa. Anzanga anandinyamula m'mwamba. A ku Chinsapo amvekere, "Mdala wa ku Ntchisi ndi dolo!" Ine manja m'mwamba, kukuwa ngati mwana.

Pofika pa kamtsinje, kamlatho sikakuoneka. Madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala ndi nthochi zozuka. Apo m'pamene ndinakumbukira ngalande ya kuseri kwa nyumba, ndiponso kuti m'chipinda cha achimwene ndi motsika kuposa pabalaza. Ndinafuna kulowa m'madzimo, Dumisani anandigwira lamba. "Mukufuna kufa?" Ndinamuuza kuti ndatsekera wodwala m'nyumba. Anandisiya lamba n'kundiyang'ana, nkhope itasinthiratu. "Bigi, inu simunandiuze kuti wa wilitcheya uja amakhala yekha." Tinazungulira wapansi kumsewu waukulu, akabaza onse atabisala m'makhonde. Foni yanga inali itanyowa n'kuzima.

Ndinafika pakhomo pali anthu. Chitseko chili pansi, achithyola ndi nkhwangwa. M'nyumba madzi ofika m'akakolo, mabulangete aja akuyandama. Amayi a Kings, oyandikana nafe, ndi amene anandiuza, mokweza kuti onse amve. Akuti madzi atalowa achimwene anayesa kudzuka okha n'kugwa chafufumimba pakati pa bedi ndi khoma. Anamenyetsa chipumi pampando. Anagona m'madzimo tsaya lili pansi, akumenya kapu pa mwendo wa bedi ndi dzanja lamanzere, kufikira Amayi a Kings atamva. "Tinkaona ngati ndi lata likugwedezeka ndi mphepo. Akanakhala kuti madzi anakwerako pang'ono, bwenzi pano tikulira maliro. Munali kuti, bambo inu?"

Achimwene anali pakhonde la Amayi a Kings, atawafunditsa zitenje, akunjenjemera, magazi atauma pa nsidze. Alamu atagwada pambali akuwapukuta mapazi. Anali atathamanga kuchokera kumsika, tomato anamusiya konko.

Mbale inali m'kati mwa malaya anga, pamimba. Ndinkaimva kuzizira kwake nthawi yonse imene anthu ankandiyang'ana.

Lachisanu, 24 Januwale

Kuchipatala. Awasoka pachipumi. Akutsokomola, a dokotala akuti tiziyang'anira chibayo, thupi likatentha tibwerere msanga. Anafunsa kuti anagwa bwanji. Alamu anati, "Anatsala okha." Sanatchule dzina langa.

Tsiku lonse sanandilankhule, kupatula "gwirani uku" ndi "nyamulani". Pa mpopi azimayi ankanong'onezana, wina akuti ndi kachasu, wina akuti ali ndi kamkazi ku Mchesi. Ndinatunga madzi nditaweramitsa mutu. Dumisani anabwera ndi mahinjesi n'kukonza chitseko, wilitcheya anabweretsanso. Sanalowe m'nyumba. Ine anangondigwedezera mutu.

Loweruka, 25 Januwale

Thupi silinatenthe. Mulungu alemekezeke.

Masana tikukolopa matope m'chipinda, achimwene ali pa wilitcheya pakhomo, alamu anafunsa osandiyang'ana. "Alamu, ndiuzeni ndekha ndisanamve kwa anthu. Ndi mowa kapena ndi mkazi?"

Ndinapita pabalaza, ndinatenga mbale ija n'kuwapatsa. Anaitembenuza uku ndi uku. Ndinafotokoza zonse, za magetsi ozima, za mapemphero a abambo, za Chinsapo. Pofotokoza za madengu ndi matcheni ndinkamva ndekha kupusa kwake.

"Mbale," anatero. "Amuna anga akanafera m'madzi chifukwa cha mbale." Anayamba kuseka, kuseka koipa, kenako kunasanduka kulira, atakhala pa bedi lopanda matiresi, chokolopera chili m'manja. Ndinagwada. Ndinati Lolemba ndibwerera kumudzi, akwathu atumize wina wanzeru. Anapukuta maso ndi chitenje. "Mubwerere? Ndiye aziwanyamula ndani? Mwalakwa, ndiye mukufunanso mukapume?"

Kenako anafunsa motsitsa, "Kumeneko mumaseka?"

Ndinati eya.

"Ine chichokereni achimwene anu m'chipatala mwezi wa Seputembala, njira ndimadziwa ziwiri, ya kumsika ndi ya kuno. Tsiku lina ndinakhala m'chimbudzi cha kumsika nthawi yaitali, osati chifukwa cha m'mimba. Ndinkangofuna pamalo pamene palibe wondiitana." Ananena izi amuna awo akumva. Ine ndinayang'ana pansi. Achimwene anati, "Eya."

Mbale sanandibwezere.

Lamulungu, 26 Januwale

Sindinapite kutchalitchi, sindikanatha kukhala pakati pa anthu. Alamu atabwerako anasintha zovala, anavala majombo a achimwene ndi jekete lawo la pa thiraki. Anafunsa kuti lero anzanu aja ali kuti. Ndinati ku Area 25. Ndinaganiza kuti akukawatukwana, ndipo ndinayamba kunena kuti Dumisani sanalakwe. Anandidula. "Mankhwala ndi pakatha chakudya. Muwatembenuze, asagonere mbali imodzi." Anaika mbale m'jumbo n'kutuluka, mvula ikuwaza.

Ndinakhala. Ndinawadyetsa, ndinawatembenuza, ndinachapa. Mvula itakula ndinatenga khasu n'kukatsegula ngalande ya kuseri, Amayi a Kings akundiyang'ana pawindo. Nthawi yonseyi mtima uli m'mwamba, kuganiza zimene zikunenedwa za ine ku 25.

Abwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, duku lili m'manja. Anandidutsa pakhomo ngati palibe munthu n'kukakhala pa bedi pafupi ndi amuna awo. Ndinali panja ndi beseni, koma ndinkamva. Amawauza kuti ataponya koyamba mbale inabwerera m'mbuyo n'kukamenya mbuzi ya eni ake, kuti kuli mayi wina mphunzitsi amene amaponya kuposa azibambo onse, kuti iwo anagwa kawiri. Amaonetsa ndi dzanja mmene amaponyera. Achimwene anatulutsa kamawu kena kamene sindinakamvepo chibwerereni, kokhala ngati kutsokomola koma si kutsokomola.

Kenako alamu anakweza mawu, osatembenuka. "Alamu, mbale ija yapita ndi madzi, mukapepese kwa mwini wake. Ndipo Loweruka likubwerali ndi lanu, ine ndikhala. Koma muzinena kumene mukupita."

Ndinaima pomwepo ndi beseni m'manja, madzi a padenga akundidonthera m'khosi.