Thoko Watchula Dzina la Malemu

Mwana wanga Yohane,

Landira moni kuchokera kuno ku Girrawheen, ku Australia. Ine ndilipo, mawondo okhawa ndi amene akundizunza. Kaya iwe ndi mayi a Thoko kumeneko?

Nkhani ndi ya mwana wakoyu. Paja umanyadira kuti akuphunzira zamalamulo, ndiponso akuthandiza mongodzipereka ku ofesi ya maloya a eni dziko lino, Aaborijini. Lachiwiri loya anamutenga ku Midland, kwa mayi wina amene mwana wawo anafera m'chitokosi cha apolisi. Thoko anagwada bwinobwino monga kwathu, n'kupepesa maliro, n'kutchula dzina la malemuyo. Kwa anzathuwa satero! Womwalira satchulidwa dzina. Mayiwo sanakalipe ayi. Anangodzuka, abale awo onse pambuyo, n'kutseka chitseko.

Mpaka lero mayiwo sakuyankha foni, ndipo popanda umboni wawo mlandu wa imfa ya mwana wawoyo ufera m'mazira. Thoko sakudya. Ndinamufunsa, "Mabuku onsewo sanakuuze?" Iye, "Agogo, anatiuza tsiku loyamba, koma pakamwa panatsogola."

Loweruka akuti apita yekha kukapepesa, loya osadziwa. Ndamuletsa, wangondiyang'ana ndi liuma lako lija. Akuofesi akamva amuchotsa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Umuimbire foni Loweruka lisanafike, usiye zoumira mayunitsi. Uwauzenso amayi a Mvano atipempherere. Mulungu akusungeni nonse. Thoko akakana kukumvera, ndimanga chitenje ndipite naye, akatitsekere chitseko tonse awiri.

Ndine mayi ako,
Nabanda