Tsamba lomaliza la buku la nyimbo

Chibavi, Mzuzu

Okondedwa achemwali anga a Mary,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsaru pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Ine ndi mwana wanu Naomi tilipo. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi sindingaithe pafoni.

Mwezi wakwana chiikireni mkazi wanga, mayi a Naomi, m'manda. Ndimakumbukirabe Loweruka lomaliza asanagonekedwe m'chipatala. Ine ndinkachapa, iwo ali m'nyumba pa kompyuta ya kusukulu kumene ankagwira ntchito ya ukalaliki, kulowetsa mayina a ana a Sitandade 8. Anasuzumira pazenera n'kundiseka kuti ndikuyanika malaya ngati fodya m'chigafa. Linali tsiku wamba.

Sabata yatha ndinabweza kompyutayo kusukulu. Ikuyaka, koma ikukana kulumikizana ndi detabesi, nkhokwe imene muli mayina, masiku obadwa ndi zithunzi za anawo. Aphunzitsi aakulu anaitana a Patricia, okonza makompyuta. Atatsegula masetingi a kulumikizako, tinaona timabokosi titatu. Koyamba kali ndi dzina la seva, makina osunga nkhokweyo. Kachiwiri kalembedwa kuti kettie, dzina la malemu. Ndinatuluka kaye panja. Kachitatu, ka pasiwedi, kalibe kanthu.

Tinayesa dzina la Naomi, tsiku la ukwati wathu, ngakhale dzina la mudzi wawo. Zonse zinakana. A Patricia akuti popanda pasiwediyo sangalonjeze kuti mayinawo awapulumutsa nthawi ilipo. Kalembera wa mayeso atseka pa 30, ndipo ana ndi makumi anayi ndi awiri.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lolemera. Malemu ankalemba mapasiwedi pa tsamba lomaliza la buku lawo la nyimbo. Pogawa katundu maliro atatha, bukulo linapita kwa apongozi ku Kabudula. Mukudziwa kuti chimene chagawidwa pa mwambo sichiitanitsidwa, ndipo ine mkamwini sindingatsegule pakamwa. Chonde mupite inuyo. Muwauze kuti sindikulanda bukulo. Mungojambula tsambalo pafoni ya alamu n'kunditumizira. Akalira, musawafulumize.

Katundu amene anatsala kuno ndinalephera kumukhudza masabata onsewa. Dzulo ndinalimba mtima. Nsapato ziwiri, ambulera, zitenje zinayi ndi juzi yobiriwira ija ndaika m'chikwama chimene chabwera ndi kalatayi. Mukapereke kwa apongozi musanatchule za buku, kuti musafike pakhomo la anamfedwa ndi pempho lokha. Naomi wasunga mpango umodzi. Ine ndinatsegula chikwamacho kawiri kuti ndichotsemo juzi, koma ndaisiya momwemo. Apongozi amamva kuzizira kuposa ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, amalume ku Mpingu, ndi adzukulu onse. Kwa apongozi mukanene kuti mdzukulu wawo akudya bwino.

Tsalani ndi mtendere.

Ine mlongo wanu,
Elias