Njinga ya Mchira Tinaipaka Penti Yoyera

Lolemba, 3 Febuluwale

Mchira tamuika dzulo. Lero thupi likungoyendayenda lokha. Ndakolopa m'nyumba, ndakolopanso. Ndapopa matayala a njinga yomwe sindikufuna n'kuiona komwe.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ukhala pansi. Loweruka m'mawa, gulu lathu la okwera njinga, ulendo wa sabata ndi sabata. Lamulo lathu lakale: munthu mmodzi amatsalira kumbuyo kwenikweni, kuti wophulitsa chubu kapena wothedwa mpweya asasiyidwe yekha. Zaka zonsezi anali iyeyo, telala wathu, mpaka dzina lake lenileni tinaliika m'thumba. Mchira basi.

Pamtsetse wa pafupi ndi fakitale ya matumba, chiphokoso kumbuyo. Pocheuka, munthu ali gone pa tala, njinga mu ngalande, galimoto ya buluu itaima chopingasa.

Gulu lonse linalipo. Aliyense anaona msana wa mnzake wakutsogolo. Mboni zodzaza msewu, woona palibe.

Woyendetsa, bambo wa mimba yaulemu, tayi pakhosi tsiku Loweruka: "Anadzigwera yekha. Ine ndinangoima kuti ndithandize." Chifundo chake chinali chachikulu mpaka chinapinda bampala.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Msonkhano m'chipinda chodikirira odwala kwa Tcheyamani. Ndi dokotala wa mano, anazolowera kulankhula ndi anthu oyasamula omwe sangamuyankhe. Ine mlembi wa gulu, kuti digiri yanga ya mbiri yakale isamangodya fumbi pakhoma.

Tagwirizana zitatu. Kuguba Loweruka. Zikwangwani. Ndi njinga yoyera. Tcheyamani anaona pafoni kuti m'maiko ena wanjinga akaphedwa pamsewu, anzake amapaka njinga penti yoyera n'kuimangirira pamalo pomwe anafera, kuti oyendetsa galimoto aziiona, mtima uziwagunda. Tonse m'manja phuphuphu. Njinga yake yeniyeni ilipo, apolisi anaibweza kwa mkazi wake tsiku lomwelo. Akuti imawatsekera njira pakhomo la ofesi.

Za zikwangwani tinakangana mpaka tiyi anazizira. "Wakupha" kapena "woganiziridwa kuti mwina anapha"? Ndinawauza kuti lachiwirilo lifuna chikwangwani chonyamula anthu anayi. Anaseka. Ndinadzida nditawaseketsa.

Popita kunyumba ndinadzera kwa alamu, mkazi wa Mchira, kukapempha njingayo. Anali pa makina a mwamuna wawo, akumalizitsa zovala za anthu zomwe iye anasiya. Phazi silinachoke pa chopondera. "Tengani, alamu, chitani zomwe mukuona kuti n'zabwino. Ine changa n'chimodzi. Bamboyo akaime pamaso pa woweruza, atchule dzina la mwamuna wanga ndi pakamwa pake."

Ndinawalonjeza. Ndi pakamwa panga pomwepa, pozolowera nthabwala.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ku ofesi ndakhala ngati pampando pali minga. Abwana akuti lipoti langa lili ngati lolembedwa ndi munthu ali pa ulendo. Sananame.

Madzulo kwa Sipanala, makaniko wathu, pansi pa shedi yake ya malata. Njinga ili pakati. Mkombero wakumbuyo wopindika ngati khutu, masipoko balala, chishalo chikuloza kumwamba. Belu likulirabe. Wina analiliza mwangozi.

Sipanala amafuna aiwongole kaye, manja amamuyabwa. Tcheyamani anakana: ikhale yopindika, dziko lione. Aliyense anagwira bulashi, ndi ine ndemwe. Kumbuyo kwa felemu kunali zokalikakalika, penti yakuda itasupuka, mitundu ina itapakika. Tcheyamani: "Pamenepo thirani yambiri, pakunyansa." Tinathira. Itauma tinabwereza. Mawa m'mawa Sipanala abwerezanso.

Yaoneka bwino, ndisaname. Ngati mkwatibwi wothyoka mwendo.

Penti yakana kuchoka m'zikhadabo.

Loweruka, 8 Febuluwale

Taguba, njinga tikukankha pamanja. Chinthu chomwe palibe anachinena: aliyense amalimbirana pakati. Akuluakulu a ndevu zawo kupondana zidendene kuti asakhale omaliza. Ine khosi likuwawa ndi kucheuka.

Anthu anabwera ambiri kuposa m'mene tinkaganizira. Onyamula katundu panjinga, opita nazo kuntchito, amayi ena ndi njinga zawo za mabasiketi. Ife a zovala zothina ndi zipewa zonga chigoba cha kamba tinaoneka ngati alendo pa mwambo wathu womwe.

Wagalimoto wina anatulutsa mutu pawindo: "Gulani galimoto, amphawi inu!" Sipanala anamuyankha: "Tigula yanuyo akakumangani, bwana!" Lero lokha ndaseka osadzida.

Njinga taimangirira ku mtengo wa magetsi ndi tcheni ndi loko. Maluwa, makandulo. Tcheyamani walankhula mpaka dzuwa kufika pa liwombo. Alamu anangogwira handulo pang'ono, n'kupukuta dzanja pa diresi.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Nyuzipepala inatulutsa chithunzi. Njinga pang'ono, mano a Tcheyamani onse.

Kupolisi "akufufuzabe." Bambo uja ali pa ntchito yake, amagona pa bedi lake. Galimoto inalowa kale ku galaja, yatuluka ndi bampala yatsopano, ikuwala ngati siinakumanepo ndi ntchentche.

Lero ndinapita kwa Ndime, mnzanga wa ku koleji, tsopano ndi loya. Dzinali tinamupatsa chifukwa ngakhale popempha mchere amatchula ndime ya malamulo. Anamvetsera, akutafuna chivindikiro cha cholembera. Akuti popanda woona, mlandu waima pa chinthu chimodzi: kusonyeza kuti galimoto inakhudza njinga. Zitsulo ziwiri zikagundana zimasiyirana penti. Ya buluu ikapezeka pa felemu, bodza la "anadzigwera yekha" lagwa chagada. Ndiye anafunsa komwe kuli njingayo.

Ine monyadira, foni m'manja, chithunzi chija.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi. "Mwaipaka." Ndinati ee, katatu. "Amwene, bamboyo akutumizireni mbuzi. Loya wake sakanaigwira bwino chonchi ntchito imeneyi."

Ndatuluka osatsanzika. Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, njira yaitali, kudutsa pomwepo. Ili mbee, yokongola. Mpaka ana a sukulu amaijambula.

Digiri ya mbiri yakale. Zaka zinayi kuphunzira kuti umboni sukhudzidwa, kenako bulashi m'manja.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Pafoni ya gulu moto. Aliyense tsopano akukumbukira kuti iye "anakayikira." Tcheyamani walemba kuti cholinga chinali chabwino. Sipanala wayankha kuti cholinga cha khoswe polowa mu msampha chimakhalanso chabwino. Ena awiri atuluka m'gulu. Wina akufunsa ngati ulendo wa mawa ulipo.

Kwa alamu ndinadutsa pageti, n'kubwerera, n'kudutsanso. Mayi woyandikana nawo mpaka anandifunsa ngati ndataya chinthu. Ndinalowa. Ndinayamba ndi mawu a kusukulu, ozungulira, a "zikuoneka ngati." Anaimitsa makina. "Alamu, lankhulani ngati munthu." Ndinanena.

Ndimadikira kulira, kapena mbama, ndikanailandira. Anadula ulusi ndi mano. "Mwamuna wanga ndiye sangafukulidwe. Penti imapalika."

Ndime pafoni: mwina zingatheke, koma mankhwala osungunula penti ayi, adzadya ndi ya buluu yomwe. Kupala ndi dzanja, pang'onopang'ono, kujambula chilichonse. Ikaoneka, osaikhudza, osaisuntha njingayo mpaka wapolisi adzaione ili pomwepo, apo ayi adzati tapaka tokha. Ngakhale zitero, akuti ndisalonjeze kanthu kwa munthu. Ndinamuuza kuti wachedwa.

Pamtengo wa magetsi ndapeza akhonsolo amata chidziwitso. Wina wadandaula kuti njingayo ikutseka njira ya oyenda pansi ndipo ikusokoneza oyendetsa galimoto. Ichotsedwe. Wodandaulayo sanatchulidwe. Ndikuganiza kuti amavala tayi Loweruka.

Ndagula malezala.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndikulemba ndili khale m'mphepete mwa msewu, kope pabondo.

Ulendo kulibe. Tabwera ochepa. Anthu akuluakulu kugwada pa fumbi ndi malezala, magalimoto akutipemerera mphepo kumsana. Ine ndinapala pang'ono, lezala inalowa mpaka pa chitsulo. Anandilanda. Sipanala nayenso dzanja lolemera, anazolowera nyundo.

Kenako Tcheyamani. Wafika mochedwa, wopanda chipewa, wopanda mawu oyamba, kachikwama m'manja. Watulutsa tizitsulo take ta m'kamwa, tokowa tija, ndi kagalasi ka ndodo. Wagwada, thalauzi yoyera pa dothi. Chiyambire kumudziwa sindinamuonepo ali chete nthawi yaitali chonchi. Penti yoyera ikuchoka ngati mamba a nsomba, kamodzikamodzi. Alamu agwira felemu ndi manja awiri kuti isagwedezeke. Anangowauza kamodzi: "Musasunthe, mayi." Mwa chizolowezi anawonjezera kuti sizipweteka. Palibe anaseka.

Dzuwa lakwera. Penti yoyamba yachoka, yachiwiri yachoka, yachitatu. Pansi pake chakuda, chakuda, chitsulo. Kenako pamwamba pa nati ya tayala lakumbuyo, kamzere. Kowonda ngati ulusi. Buluu.

Sipanala wakhala pansi n'kubisa nkhope m'malaya. Ine ndajambula mpaka foni yatentha. Alamu anawerama, anayang'ana, anati: "Ndi yomweyo." Iwo galimotoyo sanaionepo.

Wapolisi ndamuimbira. Akuti ali m'njira. Ndamuimbiranso, akuti galimoto ya ofesi yapita kwina, koma ali m'njira. Sipanala wapalasa kukamutenga pa kaliyala, akuti ngakhale atakana amumangirira ndi malegeni. Ndime sakuyankha foni. Tatsala atatu, kuyang'anira kamzere kamene ntchentche itatera ingakabise.

Kumtunda kwatulukira lole. Ikutsika pang'onopang'ono, ikuphethira nyali ya mbali yathu. Ya khonsolo. Kumbuyo kwake anyamata awiri a maovolosi, mmodzi wanyamula chodulira tcheni chachikulu ngati mwendo wanga. Tcheyamani waimirira, akukonza kukhosi, mawu abwerera.

Alamu sanaimirire. Akhala pansi pa fumbi, alowetsa mkono m'kati mwa felemu mpaka paphewa, agwira dzanja lawo lina. Akundiyang'ana. Mbali inayo ya felemu ili ndi malo a mkono wina, ndipo ine kope ili ndikuliika pansi.