Mawu anga m'kamwa mwa malume ake

Aphungu,

Ndine munthu wosazolowera kudandaula, ndiye mundipirire. Mayi anga akudwala matenda oiwalaiwala. Chaka chatha ndinalembetsa pa webusaiti ina ya anthu osamalira makolo odwala chonchi. Patsamba langa la umembala ndinaikapo dzina lonse, chithunzi, ndi mawu ochepa: kuti mayi amandiitana dzina la malemu bambo, ine n'kumangovomera. Ndinkayesa amaona ndi mamembala okhaokha.

Sabata yatha ndinakaonekera kwa makolo a chibwenzi changa. Tili pabalaza, malume ake, omwe sitinaonanepo, anandiyang'anira pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Paja mayi amakuitanani dzina la bambo anu eti? Zimenezi sizikhala zakumtundu?"

Za dzinazo sindinauzepo munthu pakamwa, ngakhale mtsikanayo. Iye amangodziwa kuti mayi sali bwino. Amene anamvapo mayi akundiitana choncho ndi alamu anga, akazi a achimwene, omwe amandithandiza kuwasambitsa, ndipo amapemphera mpingo umodzi ndi azakhali a mtsikanayu. Chichokereni tsikulo ndimangowayankha mwachidule. Koma mnzanga wa ku labotale kumene ndimagwira ntchito akuti mwina malumewo anangofufuza dzina langa pa intaneti. N'zotheka zimenezi? Kapena ndikungofuna kuti woulula asakhale alamu? Kwawo kwa mtsikanayu ati aganize kaye, ndipo ndikuopa kuti ukwati ulephereka.

T.G.M.

Achimwene,

Musanaweruze alamu, bwerekani foni ya munthu amene si membala, mufufuze dzina lanu. Mawebusaiti ena amabisa zokambirana koma tsamba la membala n'kulisiya pambalambanda, ndipo makina ofufuzira amatola chilichonse chosatseka. Mukalipeza tsamba lanulo, lisintheni kuti lizioneka kwa mamembala okha, muchotse chithunzi ndi dzina lenileni. Alembereni oyang'anira webusaitiyo, chifukwa anzanu ena sakudziwa kuti ali poyera. Pemphaninso eni makina ofufuzirawo achotse zakalezo, poti zimachedwa kufufutika.

Mukapanda kulipeza, afunseni alamu maso ndi maso, modekha. Munthu wosambitsa mayi anu si womuzengera mlandu mumtima.

Koma ine chondidetsa nkhawa n'china. Anthu osawadziwa munawauza, mkazi amene mukufuna kumanga naye banja simunamuuze. Mutengeni akacheze ndi mayi, akadzimvere yekha, asamve za m'maluwa. Funso la zakumtundulo mukafunse dokotala wa mayi muli awiri. Malume si dokotala.

Chenjerani: zofufuta pa intaneti sizifufutika m'mutu mwa amene anawerenga kale, ndiye musakakane chilichonse. Ndipo ngati banjalo likuona mayi anu ngati chochititsa manyazi, musathamangire kukagwada pakhomopo.

Aphungu