Chibwibwi Changa, Mwana Wanga

Lolemba, 3 Juni

Kabwana wanga wakwanitsa zaka ziwiri ndi theka. Pakamwa zii. Akafuna madzi amaloza, akafuna kunyamulidwa amandikoka siketi. Anzake pamdadada uno ayamba kale kutukwana.

Apongozi lero: "Mayi a Kabwana, musamachulutse zoyankhula pamaso pa mwana. Mumupatsira chibwibwi chanucho." Nyimbo yomweyi chibadwire mwanayu, ine n'kumavina. Ndimamusambitsa chete ngati ndikutsuka mbale.

Lachitatu, 5 Juni

Kuchipatala cha ana. Makutu ali bwino. Namwino anafunsa kuti kunyumba amacheza naye ndani. Bambo ake amabwera atatheratu, apongozi ndi wailesi yawo, ine wotsekedwa pakamwa. Namwinoyo akuti chibwibwi si chimfine, ndizimuyankhula basi.

Ndinapsa mtima njira yonse. Osati ndi namwino ayi.

Lachinayi, 6 Juni

Ndapita naye kuntchito, kochapira zovala. Abwana alola, bola asayandikire simbi. Ndamukhazika m'basiketi n'kumamuuza chilichonse chomwe ndikusita. Ili ndi shati. Ili ndi thumba. Uyu ndi kolala wa munthu wosasamba m'khosi. "Batani" anandikanirira pakhosi mpaka anzanga anayang'ana kumbali. Kabwana anangonditong'olera maso, kudikira. Munthu woyamba kundidikira osandimalizira mawu.

Lamlungu, 16 Juni

Zavuta. Apongozi anandipeza kukhitchini ndikumufotokozera za anyezi. Anaitana mwana wawo, mwamuna wanga: "Tabwerani mudzamve, akumuwononga mwana!" Bambo ake, maso pansi: "Ingowamverani amayi, nkhani ithe."

Sindinasunthe. Ndinaima pomwepo, mpaka mawu anatuluka: mwanayu ndinabereka ndine. Zinatenga nthawi, koma anamva onse awiri.

Apongozi akana chakudya changa. Zawo izo. Tidya mawa.

Lachiwiri, 2 Julaye

Palibe. Kuloza kokhakokha. Alamu anga pafoni akuti mwina anabadwa choncho, ndingovomereza. Ndalira m'bafa, ndapukuta m'maso, ndamuitana. Uyu ndi sopo. Ili ndi thovu. Ili ndi bondo lako lakuda bii. Sindisiya.

Loweruka, 20 Julaye

Wayankhula!

Tinali pakhonde tonse, galu wa aneba akudutsa. Kabwana kuloza, kenako: "Ga-ga-galu!" Ndendende mmene ndimanenera ine.

Apongozi kuwomba m'manja: "Si ndinanena ine?" Koma bambo ake anagwada pansi, buluku latsopano lomwelo, n'kumati, "Wati chiyani, bwana? Tanenanso." Mwana anabwereza chimodzimodzi, akuseka. Bambo ake anatembenukira kukhoma, ati kachitsotso kalowa m'diso.

Kaya akungonditsanzira, kaya ndi chakechake, sindikudziwa. Ndikamufunsa namwino. Mantha alipo, sindinama. Ndikudziwa mmene ana amasekera kusukulu, ndinadutsamo. Koma ine ndi chibwibwi changa chomwechi ndinapeza ntchito, ndinakwatiwa, ndimakangana ndi makondakitala. Wosayankhula akanatani?

Apongozi akuti kuyambira mawa mwana azikhala kuchipinda kwawo, amuwongole lilime okha. Ndawauza kuti ayi. Mawu amenewo atuluka kamodzin'kamodzi, osakodwa paliponse. Anadabwa iwo, ndinadabwa ine.

Uyo wadzuka, akuitana galu pawindo. Ndikamuuze kuti galuyo ali ndi mchira.