Amayi, Sewero la Khoti ndi Mlandu wa Yohane

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Kunja kuno ku Woodbridge tilipo, kungoti ulendo wa kuntchito ukunditopetsa.

Funso londisowetsa mtendere ndi ili: kodi chilungamo chimayambira pa chigamulo, kapena pa kumvedwa?

Chibwerereni kuno, amayi amaonera sewero lakale la khoti pa TV, momwe loya amapulumutsa osauka onamiziridwa milandu. Dzulo ndinawafotokozera kuti n'zopeka, ndiponso kuti oweruza onsewo ndi azungu okhaokha. Anandiyankha kuti, "Ndikudziwa, mwanangu. Koma wosaukayo akumulola kuyankhula. Yohane wanga chimugwirireni sanaimepo pamaso pa woweruza." Atatero anazimitsa TV, osadikira chigamulo.

Chonde kamuoneni mng'ono wangayu kundende, mukafunsenso loya wake za tsiku la mlandu. Mulungu akusungeni. Nanga amayi akandifunsanso, ndiwauze kuti tikudikira chiyani?

Ine mlongo wanu,
Dalitso