Loya Wapita ndi Tambala Wanga

Achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Ife kuno ku Henga tili bwino, kupatula bondo la amama lija.

Paja munamva kuti lole ya kampani ya fodya inagwetsa chigafa cha adada choyanikamo fodya. Ine ndinali nditachapa kale shati, kukonzekera kukawaonetsa kukhoti. Ndiye Loweruka kunatulukira loya wa kampaniyo pa njinga yamoto yahayala. Mukudziwa ndani? Vitumbiko, uja ankakopera masamu anga ku pulayimale!

Anakana mpando n'kukhala pansi ndi suti yomwe. Akuti, "Adada, talakwa, pepani chomene. Ku ofesi kwathu loya ndine ndekha, milandu ili mulu. Sindingathamangire kukhoti ndi uliwonse. Wotere timathera pakhomo. Chigafa timanganso sabata ino."

Ndinati, "Iwe Vitu, sukulu yonse ija unkaphunzira kupepesa basi?" Adada anangondiponyera diso.

Chigafa amangadi. Koma chikundiwawa n'chakuti adada anamugwirira tambala wanga wofiira uja, akuti mwana waulemu chonchi asapite chimanjamanja. Pano ndikangoyankhula, adada amati, "Vitumbiko sangatero." Ine ndimapepesa tsiku lililonse pakhomo pano, koma sindinapatsidwepo ngakhale dzira.

Chonde mukamabwera pa Khrisimasi munditengereko jekete yakuda ndi tayi. Mwina ndikavala, adada akumbukira kuti mwana wawo ndine.

Mulungu akusungeni kumeneko. Yewo.

Mng'ono wanu wopanda tambala,
Wongani